Kiyibodi Imene Adaidalitsa Kale

Lamlungu, 4 Ogasiti 2024

Mawu anditheranso pa ndime yachitatu. Kutsegula pakamwa, kutuluka mpweya wokha. Mpingo wonse zii, maso pa ine. Tchalitchi chodzaza, aliyense ndi pakamwa pake, koma kuyambitsa nyimbo mpaka ine Zione.

Chichokere Cyprian, woliza kiyibodi wathu uja, zinthu ndi zimenezi. Adanyamula kiyibodi yake, kwaya yonse n'kumutsata ku tenti yake yopemphereramo ya kumsika kuja, ine n'kutsala ndekha. Ndiye kwaya ndine, woyambitsa ndine, wokokera amayi m'mwamba akayamba kutsika ndi ine yemwe. Chimene adandisiyira munthuyo ndi zala. Zaka zonse zija ndili pambali pake, nyimbo za m'buku ndikhoza kuziliza nditatsinzina. Koma zala zopanda choliza n'zosendera mbatata basi.

A dokotala sadabise Lachinayi lija. Pakhosi patupa. "Mayi, mukapitiriza kukuwa chonchi, tsiku lina mudzadzuka opanda mawu, ndipo sadzabweranso." Ndauza a Maynard, mkulu wa mpingo, titatuluka m'tchalitchi. Ankatokosa m'mano. Akuti ndizimwa mandimu ndi uchi.

Chabwino chimodzi chilipo. Avomera kuti ndalama za masika zija zigule kiyibodi, ifike isanakwane Pepa Sande yosonkhetsa ndalama za denga pa 1 Sepitembala. Ikabwera, yotsogolera nyimbo izikhala iyo, ine nditseke pakamwa, pakhosi papole. Sindikupempha zambiri.

Lachiwiri, 6 Ogasiti

Ku Manjawira, kusitolo ya a Ahmad. Fumbi, mphepo, kabaza wakweranso mtengo. Ndapeza Lukia, mkazi wawo, ali pakauntala. Tidaphunzira limodzi ku pulayimale, ndipo mpaka lero amanditchula "Zi". Atamva mawu anga anandiphikira tiyi wa tsabola ndi jinja asanandifunse chimene ndadzera.

Makiyibodi alipo awiri.

Ina yaing'ono, yakuda, yosaoneka bwino. Mabatani ochepa. Ilibe sipika yakeyake. A Ahmad anailumikiza ku foni yawo ndi kachingwe, foni n'kuilumikiza ku sipika yonga ya kutchalitchi ija. Ndinadina makiyi onse, limodzilimodzi, kuyambira kumanzere mpaka kumanja. Onse amoyo. Kenako ndinaliza nyimbo ya mgonero. Mawu ngati limba la tchalitchi chachikulu cha m'tauni. Mayi wina wogula tochi anaima pakhomo mpaka nditamaliza. Misozi inalengeza, ndinanamizira jinja.

Magetsi ake ndi a pawa banki ya foni. Palibe za batire la galimoto, palibe za inveta. Mtengo ukukwanira, mwinanso kutsalako ya waya.

Inayo ili pashelefu yapamwamba. Yaitali ngati chitseko, yasiliva, mabatani mbwee, timagetsi tofiira ndi tobiriwira. Ndinafunsa chabe. A Ahmad anapukusa mutu. "Imeneyo iwalani, mlongo. Idachokera ku Joni pamwamba pa basi, mvula idalowa. Makiyi apakati onse adafa. Ndikuisungira zitsulo."

Ndawapempha andisungire yakudayo. Avomera.

Lachisanu, 9 Ogasiti

Bando yonse yathera m'mapulogalamu a m'foni, oti azitulutsa mawu a kiyibodi ija. Zonyansa zokhazokha.

Yoyamba: yaulere, yaulere, ukangoitsegula ikufuna khadi la ku banki. Ine khadi langa ndi la sikelo ya mwana wanga Dalitso, ndipo mwanayo ali Fomu 3.

Yachiwiri inalira bwino, koma mwadzidzidzi panatulukira mtsikana wovala theka akutsatsa juga ya mpira, mawu okweza. Ndangoganiza zitachitika pakati pa mgonero, a Maynard ali ndi chikho m'manja.

Yachitatu ndiye yake. Siifuna netiweki, siitsatsa kanthu. Muli limba, muli piyano, muli ng'oma yofatsa yoti n'kuichepetsa liwiro amayi akamakoka nyimbo. Ikhozanso kukweza kapena kutsitsa nyimbo yonse, woyambitsa akayambira padenga monga achitira amayi a kutsogolo aja.

Bambo a Dalitso anandipeza ndikugogoda patebulo ngati pali makiyi. Akuti, "Ndiye tizidya nyimbo lero?" Ndiwo zinali zitapserera ndithu. Sindinawayankhe, ndikusunga mawu a Lamlungu.

Lamlungu, 11 Ogasiti

Msonkhano wa akulu titaweruka. Ine anandiimika pakhomo ngati wodzapepesa mlandu. M'kati a Maynard, a Dyton osunga chuma, ndi a Duncan osunga makiyi a tchalitchi.

Ndinafotokoza zonse ndi timawu tanga tosasato. Yakuda, yaing'ono, kachingwe, foni. Ndinaonetsa chithunzi. Foni inayenda m'manja mwa onse atatu, aliyense kuitalikitsa ndi maso ngati kalata ya ngongole.

A Maynard: "Kameneka? Amake Dalitso, alendo adzachoka kutali kudzaona chidole cha ana? Ya Cyprian amanyamula anthu awiri."

Ndiye nkhani ndi imeneyo. Si nyimbo, si pakhosi panga. Ndi Cyprian. Tenti yake ili m'mbali mwa msewu, ndipo a Maynard amadutsapo tsiku lililonse popita kudimba.

Ndinati ndipite nawo pokagula, poti woliza ndine. Kuseka. Katundu wa mpingo amagula akulu a mpingo, ndi mmene zakhalira chiyambire. Mabenchi adagula okha, belu adagula okha. Komanso mkazi wa mwini kukwera njinga yamoto ndi akulu, anthu adzati chiyani? Belu lake limenelo ndi limu ya tayala la galimoto, ndipo lidang'aluka chaka chomwecho.

Ndinawachenjeza kawiri: yasiliva ija musaikhudze, ndi yakufa. A Dyton anagwedeza mutu. A Maynard ankayang'ana kudenga, kuwerenga mabowo.

Akuti mutu umodzi susenza denga. Mitu itatu imeneyi ndiione.

Lachitatu, 14 Ogasiti

Agula.

Ndinali kumjigo pamene njinga ya a Dyton inadutsa. Kumbuyo a Maynard atafungatira chinthu chokulunga m'bulangete, chotulukira uku ndi uku, anthu akupatuka m'njira. Sindinafunikire kuuzidwa. Ndowa inasefukira ndili chiimire.

Masana Lukia anaimba foni. Akuti a Ahmad anawaikira yakuda ija patebulo, iwo osaiyang'ana n'komwe. Maso pashelefu yapamwamba. A Ahmad anawauza zonse, za basi, za mvula. A Maynard anati itsitsidwe basi. Atailumikiza ku magetsi anayamba kudina mabatani mwachisawawa, mpaka anafika pa lofiira la kumanja, lolembedwa DEMO. Batani limenelo limaliza nyimbo imene adaiikamo kufakitale, yoonetsera ogula. Silifuna makiyi, silifuna munthu. Chinthu chija chinaphulika: malipenga, ng'oma, magitala, timagetsi tikuthamangitsana. Anthu anadzaza pakhomo.

Akuti a Maynard anatembenuka monyadira: "Yakufa imeneyi? Bwana, ngati mwasungira wina, nenani."

A Ahmad anati ayese makiyi apakati. A Maynard anati iwo si woliza, woliza ali kumudzi. Apo ndiye anandikumbuka.

Lukia akuti mwamuna wake anatsitsa mtengo mwamanyazi, n'kuwauza kuti ikakawavuta abwere nayo, adzasinthe ndi yakuda ija. Munthu wa chipembedzo china kuchitira chisoni mpingo wathu kuposa eni ake. Ndadya pang'ono, zonse zikundinyansa.

Lachinayi, 15 Ogasiti

Kwa a Maynard m'mawa, ndisanasese n'komwe. Ndinagwada pakhonde mwaulemu wonse. Ndinapempha chinthu chimodzi: ndikadine makiyi, aone okha.

Ayi. Yaikidwa m'kachipinda ka kuseri kwa guwa, yafundidwa nsalu yoyera. Chipangizo chatsopano sichilira m'nyumba ya Mulungu abusa asanachipempherere. Ndi mwambo wathu, ndikuudziwa, mbale za mgonero tidachita chimodzimodzi. Ndinati chabwino, tiitulutse panja, pansi pa mtengo wa mango, ilire kunja kwa nyumba ya Mulungu. Akuti makiyi a kachipindako ali ndi a Duncan, ndipo a Duncan apita ku Tsangano kukapikula mbatatesi, abwera Loweruka madzulo.

"Ine ndaimva ndi makutu angawa, amake Dalitso. Mwina mukuopa kuti yakukulirani."

Yandikulira. Ine.

Ndinadutsira kutchalitchi, n'kusuzumira pawindo la kachipindako. Ili gone pa mabenchi awiri, nsalu yoyera kuyambira kumutu mpaka kumapazi. Ndaonapo zofunda chonchi, ndipo sizidadzukenso.

Abusa foni yawo siikupezeka. Ali ndi mipingo inayi, kwathu amafika kamodzi pamwezi. Ndidzawagwira Lamlungu asanalowe. Ikangopemphereredwa basi, zatha.

Lamlungu, 18 Ogasiti

Abusa anafika mochedwa, ali mbuu ndi fumbi. Ndinathamangira njinga yawo, koma amayi anali atawazinga kale ndi nthungululu. Ndinakuwa kuti abusa, abusa. Mawu anga sanafike ngakhale kwa mayi amene ndinagundana naye phewa. A Maynard anawagwira dzanja mpaka kuguwa.

Anainyamula a Dyton ndi a Duncan. Mpingo unaimirira. Abusa anasanjika manja pansaluyo, pemphero lalitali, lokoma ndithu. Ndinamva mawu amene ndinkawaopa: chipangizo ichi tachipatula, si cha msika, si cha dziko, sichidzabwereranso ku ntchito wamba. Ameni wake anagwedeza malata.

Anavundukula. Anthu anati aaa. N'zoona, ndi yokongola. Chikomekome cha mkuyu.

Anandiitana. Ndinakhala pansi, ndinaika zala pamalo pake, ndinadina nyimbo yotsegulira. Gu, gu, gu. Phokoso la pulasitiki basi. Ndinayesa kumanzere kwenikweni: makiyi angapo akubuula ngati ng'ombe. Kumanja kwenikweni: angapo akulira ngati anapiye. Pakati ponse, pamene pamakhala nyimbo, manda.

Anthu kuyamba kung'ung'udza. Ndinayang'ana a Maynard kuti aone. Anaona. Ndikulumbira, anaona, nkhope inagwa. Kenako anawerama paphewa panga, fungo la sopo wa Lamlungu, n'kudina batani lofiira lija.

Malipenga. Ng'oma. Tchalitchi chonse chinanyamuka. Agogo ena amene amadandaula bondo chaka chonse anavina mpaka duku linagwa. Nyimbo yake sindikuidziwa, ya kumadansi a azungu kapena ya m'mafilimu, ilibe Yesu ilibe Mulungu. Ikatha imayambiranso yokha. Abusa ankaomba m'manja akundimwetulira ine.

Kuvina kutatha, nthawi ya nyimbo za m'buku. Onse maso pa ine. Ndinaimirira pambali pa kiyibodi yathu yatsopano, n'kuyambitsa ndi pakamwa. Nyimbo zisanu. Ndikumeza malovu ngati minga.

Lachiwiri, 20 Ogasiti

Ku Manjawira. Ndinapita ndi kachiyembekezo kakuti mwina yasiliva ija n'kuilumikiza ku foni, kapena kuikonza. A Ahmad akuti adaitsegula kale itangofika. M'kati mudachita dzimbiri, pobayira chingwe cha foni padaola. Ngakhale akonzi a ku Limbe angangodya ndalama.

Mawu awo sanasinthe: abweze, atenge yakuda, osawonjezera kanthu. Koma pali munthu wa ku Tsangano woimba m'maukwati, waiona, waikonda, abwera ndi ndalama Loweruka. "Ndidikira mpaka Lachisanu, mlongo. Kupitirira apo, nanenso ndili ndi ana."

Ndilibe chowadandaulira.

Lukia anandilola kuilizanso. Sindinafune, koma zala zinapita zokha. Ndime imodzi, ndinasiya. Anandipatsa jinja wina wa kunyumba, n'kundiuza kuti ndisayankhule, iye aziyankhula yekha. Anayankhuladi mpaka kabaza anabwera.

Ndaganizapo zogulitsa nandolo wanga ndiigule ndekha. Sangafike ngakhale theka, ndipo fizi ya Dalitso ikudikira nandolo yemweyo.

Lachinayi, 22 Ogasiti

Akulu anakumana chifukwa ndinawakakamiza. Nthawi ino anandipatsa mpando, mwina poona kuti ndikhoza kugwa.

Ndinalemba papepala, a Dyton n'kuwerenga, poti mawu akutuluka monong'ona. Kusintha n'kwaulere. Mawa ndi tsiku lomaliza.

A Duncan ankasewera ndi makiyi awo.

A Maynard anayamba mofatsa, ngati akuphunzitsa kalasi ya ubatizo. Chinthu chopatulidwa sichibwerera kumsika. Abusa adanena pamaso pa mpingo, mpingo udati ameni. Tikainyamule, tikaiike pashelefu pakati pa mawailesi ndi matochi, mawa aigule wa kumowa? Pemphero lija tikalichotsa bwanji, ndi sopo? A Duncan anati zoona, mbale ya mgonero ikabooka sitigulitsa, timakwirira.

Ndinalemba kuti: ndiye tiikwirire. A Dyton sanawerenge mokweza. Anapinda pepala, n'kuyang'ana pansi. Munthu ameneyu akudziwa zonse, adamva yekha a Ahmad akuchenjeza, koma mkazi wake ndi mlongo wa a Maynard.

Chimene chikundiwawa n'chakuti mwambowo ndimaulemekeza. Ndidakulira momwemo. Koma a Maynard sakuopa Mulungu apa. Akuopa kudutsa pa tenti ya Cyprian atafungatira chitseko chawo chija, kubwerera nacho kusitolo anthu akuona.

Abusa anapezeka pafoni madzulo. Mphepo, netiweki yoduka. Ndinanong'ona zonse. "Mugwirizane ndi akulu, mayi, ine ndisagawe mpingo."

Ndipo chomaliza, chimene chandithetsa mawu otsalawo. Potuluka a Maynard ananditengera pambali. Akuti pa Pepa Sande zisavute. Ndidzadine batani lija mobisa, kenako ndiziyendetsa zala pamwamba pa makiyi, ndizigwedeza mutu monga achitira Cyprian. "Alendo sadzadziwa. N'kutumikira komwe, amake Dalitso."

Ndinalavula m'mbali mwa njira. Sindinachitepo zimenezo pamaso pa mkulu.

Lamlungu, 25 Ogasiti

Yakuda ija inapita dzulo. Lukia anangolemba kuti, "Zi, pepa." Ikalira m'maukwati ku Tsangano.

Lero nyimbo zinayi, pakamwa. Yachinayi sindinaimalize. Potsokomola m'kansalu muli timadontho tofiira.

Yasiliva ili kutsogolo, aiikira maluwa apulasitiki.

Lachisanu, 30 Ogasiti

Sabata yonse chete, kuloza ndi zala ngati mlendo wa dziko lina. Mawu akubwera pang'ono m'mawa, pofika masana apita.

Kutchalitchi kuli yakaliyakali. Kuzira, kusesa, kubwereka mipando ya kusukulu. Mlendo wolemekezeka ndi mwini magalimoto wina wa ku Balaka, wobadwira konkuno. Andisokera diresi ya nsalu ya mpingo kuti ndidzaoneke bwino kutsogolo. Ndalama ya diresi inapezeka.

Bambo a Dalitso akuti ndisalimbane ndi akulu. "Ungogwedeza zalazo, udzafa nazo? Denga likufunika, mvula ili pafupi." Denga likufunikadi, ndikudziwa, ndimakhala pansi pa bowo lalikulu lija ndine. Koma kukhala pamaso pa Mulungu n'kumanamizira kuliza, anthu akuponya ndalama chifukwa cha zala zonama? Zala zimene ndidaphunzitsa zaka zonsezi?

Ndaganiza chochita. Sindikana kukhala pampando. Ndidzadina batani lawolo, avine. Ikadzafika pakati, anthu onse ali kutsogolo, ndidzakweza manja onse awiri m'mwamba, nyimbo ikulirabe. Kunena sindingathe, koma maso ali nawo. Aone okha chimene akulu awo adagula, afunse okha. Mwina pa ndalama za tsikulo padzapezeka woti, tiyeni tigule yeniyeni.

Ndikuopa, koma ndagona bwino koyamba sabata ino nditaganiza zimenezi.

Lamlungu, 1 Sepitembala

Ndilembe zonse mmene zinachitikira.

Anthu anadzaza mpaka pamawindo. Magalimoto atatu panja. Abusa, mlendo wolemekezeka ndi mkazi wake pamipando ya nsalu. Mabeseni awiri kutsogolo. Nyimbo zotsegulira ndinangoyambitsa mzere woyamba, mawu n'kuduka, amayi anakoka okha mmene akanathera.

Nthawi yoponya. A Maynard ndi maikolofoni: tsopano mumve chipangizo chathu, ndi mayi wathu waluso. Ndinakhala pansi. Ndinadina poyera, osabisa. Malipenga aja.

Anayamba amayi a m'mudzi wa kumtunda, kuvina mozungulira beseni, kuponya imodziimodzi kuti nyimbo italike. Kenako abambo. Kenako achinyamata. Mlendo wolemekezeka anaimirira, anavula jekete, mkazi wake akumupatsira ndalama zatsopano kuchokera m'chikwama. Nthungululu. Fumbi la pansi pozira linakwera mpaka kumalata.

Apo ndinakweza manja. Onse awiri, m'mwamba, zala zotambasula. Nyimbo ikugunda.

Ndinadikira.

Mayi wina anandiona, anamwetulira, nayenso anakweza manja ake. Ena anatsatira. Posakhalitsa theka la tchalitchi manja m'mwamba, aleluya. A Maynard pamaikolofoni: kwezani manja, kwezani manja!

Ndinatsitsa. Ndinapinda manja pachifuwa. Palibe. Ndinaimirira, n'kuima pambali pa kiyibodi, mpando uli pululu. Maso onse ali pabeseni ndi pamapazi a mlendo. Nyimbo inafika kumapeto, inapuma kamphindi, inayambiranso yokha, anthu n'kukuwa mokondwa kuti ndabwereza.

Ndinayenda pakati pawo. Ndinagundana ndi a Duncan, anandipatukira akuvina. Ndinatuluka pakhomo lalikulu, osati lakumbali. Ndinakhala pansi pa mango, pamuzu, ndi diresi yanga yatsopano. Galu wa a Dyton anabwera kudzagona pafupi. Ndinakhala pamenepo mpaka mthunzi unasuntha, nyimbo ikuzungulira m'katimo, sindinawerenge kangati. Palibe anatuluka kudzandifuna. Inasiya pamene batire linatha.

Ndinkaopa kuti adzandikalipira, adzandiimika pamaso pa mpingo. Ndinali nditakonzeka. Izi sindinazikonzekere.

Lachiwiri, 3 Sepitembala

A Maynard anabwera okha kunyumba, ndi nkhuku m'manja. Ndalama ya denga yakwana, yatsalanso. Mlendo akuti sanavinepo chonchi chichokere ku ukwati wake.

"Mwatichotsa manyazi, amake Dalitso. Mmene munkalizira muja, ngakhale Cyprian sangafike. Ndinkakuyang'anani nthawi yonse."

Ankandiyang'ana nthawi yonse.

Ndinalemba papepala kuti yotsalayo tigule kiyibodi. Anawerenga, anaseka mokoma mtima. Kiyibodi tili nayo kale, yodalitsidwa. Yotsalayo agula sipika yaikulu kuti izimveka mpaka kumsika.

Nkhuku ndinalandira ndi manja awiri. Ndikanatani? Bambo a Dalitso aipha, akuti yonona. Ine ndamwa phala.

Lachinayi, 5 Sepitembala

Kuchipatala. A dokotala anayang'ana pakhosi ndi katochi, anapuma mozama. Sanandikalipire, bola akanatero. Kalata yopita ku chipatala chachikulu. Osaimba, osanong'ona n'komwe. Ndinalemba kuti, adzabwerera? Anati tiyeni tiyambe taona.

Ndatumiza uthenga kwa a Dyton kuti Lamlungu sindibwera, ndiponso Lamlungu linalo. Yankho linabwera msanga, koma lochokera kwa a Maynard, pafoni ya a Dyton. Pepani ndi matenda, tikupemphererani. Kenako: paja batani lija ndi liti?

Ndinalemba: lofiira, kumanja. Adalipeza okha kusitolo, aiwala msanga bwanji.

Pulogalamu ija ndaichotsa m'foni. Imadya malo.

Lamlungu, 8 Sepitembala

Kunyumba. Koyamba chibatizidwire kukhala pakhomo Lamlungu ndisali pa uchembere kapena pamaliro. Bambo a Dalitso apita. Ine pakhonde, ndikusola nandolo.

Limu ija inalira. Kenako malipenga, kuwoloka dambo lonse, sipika yatsopano. Alipeza batani. Inazungulira, inazungulira. Ndinati chabwino, zikuyenda popanda ine, ndisole nandolo wanga. Mtima uli gwa, kunyansidwa kokhakokha.

Kenako anazimitsa. Ndinadziwa kuti ndi nthawi ya nyimbo ya m'buku, ndipo akuyang'anana.

Anayambitsa mayi wina, sindinamuzindikire. Nyimbo ya mgonero, yomwe ija ndinaliza kwa a Ahmad. Wayambira pamwamba kwambiri. Ndinamva ali pa mzere woyamba kuti pa wachitatu sakafika, pamene imakwera paja. Amayi anamutsatira choncho, akukoka, akukwera, mawu akuwonda. Ndinati zawo zimenezo. Ndinati asiyeni agwe, amve.

Anafika pokwera paja, n'kuyamba kuduka mmodzimmodzi.

Ndinazindikira nditaimirira, lichero lili pansi, nandolo mbwee pabwalo, nkhuku zikutola. Mutu nditaweramutsa, dzanja lili m'mwamba kuwapatsa poyambira, pakamwa nditatsegula.

Sipanatuluke kanthu. Kutsidyako adikira pang'ono, kenako wina wadina batani lofiira lija.